KODI VOTI YATIPATSA CHIYANI? MAWU KWA ABALE ANGA A KU NENO

 Mawu awa ndidayamba ndawayankhula pakamwa pamsonkhano, ndiye anzanga adati tiwalembe kuti amene sadabwere nawonso amve. Ngati mnzanu satha kuwerenga, muwerengereni mokweza. Mukamaliza musakulungire usipa kapena fodya, patsirani wina.

Ambiri mumandidziwa ngati wageni. Zaka zambiri ndinkakweza manachesi ndi mbatata ya kachewere pa lole kupita nazo ku Blantyre, mwina kudumpha pa Zobue kukaoda katundu ku Tete. Sukulu ndidalekera Folomu 4, choncho musayembekeze Chingerezi cha maloya kwa ine. Masiku ano ndimayenda m'midzi kumanga nthambi za chipani chotsutsa boma, ndipo ndineneretu poyera kuti pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 mbali yathu sidapambane. Amene akuyankhula nanuyu ndi munthu wogonja.

Chidandiutsa kuti ndiyankhule ndi funso la mayi wina wogulitsa malambe ndi masau pa Zalewa. Adandiyang'ana nati: "Achimwene, ine ndinayamba kuvota 1993. Kamuzu anapita, Muluzi anapita, Bingu anapita, onse aja anapita, ine ndikadali pompano ndi beseni langa. Voti yandipatsa chiyani? Ulendo winawu sindidzadzukiranso." Ndidasowa choyankha msanga, chifukwa sadaname. Ineyo ndidagonapo m'matope masiku awiri ndi lole yodzaza manachesi, katundu akuwola ndikuona. Za msewu wa Tsangano, Neno mpaka ku Mwanza makutu athu adazimva pa misonkhano ya zipani zamitundumitundu, kampeni ndi kampeni. Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa Shire pompa, pa Nkula ndi pa Tedzani, mawaya n'kumadutsa pamwamba pa midzi yoyatsa koloboyi. Zonsezi n'zoona ndipo sindibwera kudzazipaka mafuta. Koma funso la mayi aja lili ndi yankho, ndipo yankholo lidakwiriridwa pafupi ndi kwathu konkuno.

Akuluakulu mukukumbuka Meyi 1983. Nthawi imeneyo Neno idali isanakhale boma payokha, tidali pansi pa Mwanza kufikira 2003. Kudamveka kuti nduna zitatu ndi phungu mmodzi afa pa ngozi ya galimoto ku Thambani, ati akuthawira ku Mozambique. Adali a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga. Ine ndidali kamwana ka zaka zinayi, koma ndidakula ndikuona kuti dzina loti Thambani likangotchulidwa m'nyumba, akuluakulu ankayamba ayang'ana kukhomo. Anthu ankadziwa kuti sidali ngozi. Ankadziwa, koma akadakanena kwa yani?

Tsono tamverani ichi, chifukwa ambiri sachiganizira. Mwezi wotsatira womwewo, mu Juni 1983, m'dziko muno mudachitika chisankho cha aphungu. Eya, chisankho! Anthu adaima pamizere, mabokosi adalipo, mavoti adawerengedwa. Koma opikisana onse adali a chipani chimodzi cha Kongeresi, maina awo ovomerezedwa kumwamba, ndipo mpando waukulu sudali pa pepala ayi, poti kuyambira 1971 Kamuzu adali Pulezidenti wa moyo wake wonse. Anthu anayi aphedwa, mwezi wamawa mtundu wonse ukuvota, koma palibe voti ndi imodzi yomwe imene ikadafunsa kuti kodi wawapha ndani. Ndiye musamve kuti dziko lakutilakuti limachititsa chisankho n'kuganiza kuti kumeneko kuli demokalase. Ngakhale ife tinkachititsa.

Ife ageni timadziwa msika wa benchi imodzi. Pamsika pakakhala wogulitsa mchere mmodzi yekha, akhoza kukweza mtengo, akhoza kuba pa sikelo, akhoza kukutukwanirani amayi anu, mawa mubweranso pomwepo poti ndiwo sizidyeka zopanda mchere. Chipani chimodzi chidali choncho. Khadi yachipani ankaifunsa pakhomo la msika ndi pokwera basi, ndipo amayi ena oyembekezera ankagulitsidwa makhadi awiri, ina ya mwana wa m'mimba. Achinyamata amene mudabadwa matipate atabwera kale, funsani agogo anu ngati ndikuwonjezera.

Zinthu zidayamba kugwedezeka pa 8 Malichi 1992 pamene kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi antchito ku Blantyre adanyanyala ntchito, anthu adawomberedwa, ndipo mayiko otithandiza adaimitsa chithandizo china. Pofika Okutobala Kamuzu adavomera kuti anthu afunsidwe pa riferendamu. Apa pali kanthu kena kamene tiyenera kukakumbukira. Boma lidafuna kuti pamalo oponyera voti pakhale mabokosi awiri, lina la tambala, lina la nyali. A UDF, a AFORD ndi akuluakulu a mipingo a Public Affairs Committee adakana kwamtuwagalu, chifukwa bokosi la nyali likadakhala losavuta kuliona amene walowerako, losavutanso kulisowetsa. Adalimbana mpaka kudagwirizanidwa bokosi limodzi. Nkhondo yoyamba ya matipate idali ya kaponyedwe ndi kawerengedwe ka voti, isanafike ya kuti alamule ndani.

Lolemba pa 14 Juni 1993 ndidali ndi zaka 14, wosaloledwa kuvota. Kudali kuzizira kwa Juni kuja mukukudziwa kwa kumtunda kuno. Mayi anga adadzuka kusanache, nafunda nsalu ziwiri, napita. Atabwerako bambo adawafunsa kuti mwaponya kuti. Iwo adangoti, "Voti ndi chinsinsi." Kenako adatenga nyali yathu ya galasi losweka, naipukuta, naiyatsa dzuwa likadali pamutu, naiika pakhonde. Parafini adali wodula, koma tsiku limenelo palibe adawadzudzula. Zotsatira zitatuluka, pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse adasankha zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi adapambana, ndipo Kamuzu, yemwe tinkaimba kuti ndi wamuyaya, adavomereza pa wailesi kuti wagonja.

Nanga za ku Thambani zija? Boma litasintha, padakhazikitsidwa komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Jaji Mtegha, ndipo idapeza kuti anthu anayi aja adachita kuphedwa ndi apolisi, ngozi idali yongopanga. Kamuzu ndi a John Tembo adaimbidwa mlandu mu 1995, khoti lidawapeza osalakwa mu Disembala chaka chomwecho. Wina akhutire ndi chigamulocho, wina asakhutire, koma taonani: mboni zomwe zidasunga pakamwa zaka 11 zidayankhula masana, ndipo Ngwazi idazengedwa mlandu ngati munthu wina aliyense. Chidatsegula pakamwa pa mbonizo si mfuti. Ndi pepala limene mayi anga ndi amayi anu adaponya.

Ndiye yankho langa kwa mayi a pa Zalewa ndi ili. Voti sidalonjezepo kuti idzatipezera mngelo. Ntchito yake yaikulu ndi yochotsa. Ndi njira yoti munthu wopanda mfuti, wopanda galimoto, wopanda sukulu, auze wolamula kuti bambo, pakwana, tapumani, popanda kukhetsa mwazi. Tawerengani nokha. Mu 1994 tidachotsa Kamuzu. Mu 2014 a Joyce Banda adali pampando, adatha pa nambala yachitatu. Mu 2020 a Peter Mutharika adachoka. Mu 2025 a Lazarus Chakwera adapeza mavoti 33 pa 100 aliwonse, a Mutharika pafupifupi 57, ndipo a Chakwera adavomereza kugonja zotsatira zisanalengezedwe n'komwe. Apulezidenti anayi okhala pampando, onse kutsitsidwa ndi bokosi. Ngakhale a Muluzi atafuna kuchotsa malire a materemu mu 2002, bilo yawo idaperewera ndi mavoti atatu m'Nyumba ya Malamulo. Aphungu ena adakumbukira kuti kumudzi kuli anthu owayembekeza.

Za 2025 ndisazembe. Kwacha idagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mafuta agalimoto ankasowa, mtengo wa chimanga ndi feteleza udathawa anthu. Ovota adakwiya ndipo adalanga. Munthu yemweyo amene adamuchotsa mu 2020 adamubweza mu 2025. Ena mwa anzanga otsutsa amati anthu ndi oiwala. Ine ndimati ayi, kasitomala saiwala, amangopita komwe akuganiza kuti sikelo ndi yabwinoko. Akapezanso kuti yabedwa adzasamukanso. Chimenechi n'chomwe chimandipatsa mphamvu ine wogonja, ndipo n'chomwe chiyenera kusowetsa tulo aliyense wopambana.

Si kwathu kokha kuno. Anzathu a ku Zambia adatitsogolera mu Okutobala 1991 pamene a Kenneth Kaunda adagonja kwa a Frederick Chiluba atalamula zaka 27, ndipo adachitanso zomwezo mu 2011 ndi mu 2021. Ku Botswana chipani chimodzi chidalamula zaka 58 kuchokera pa ufulu, koma mu 2024 anthu adachikana, a Mokgweetsi Masisi n'kupereka mpando kwa a Duma Boko mwaulemu. Ku Senegal chaka chomwecho a Bassirou Diomaye Faye adatuluka m'ndende kutatsala masiku khumi kuti chisankho chichitike, n'kupambana. Ku South Africa, komwe ana athu ambiri amakagwira ntchito, ANC ya Mandela idatsika kufika pa mavoti 40 pa 100 mu 2024, mpaka idachita kufuna anzawo oti alamule nawo. Ngakhale Angerezi amene adatilamulira aja, mu 1945 adachotsa boma la Winston Churchill atangowapambanitsa nkhondo ya Hitler. Adamuthokoza, komabe adamuchotsa. Ku India mayi Indira Gandhi adatsekera otsutsa m'ndende kuyambira 1975, koma ataitanitsa chisankho mu 1977 anthu osauka ngati ife tomwe adawagwetsa.

Tsono tiyang'anenso kumene khomo limeneli lidatsekedwa. Ku Kenya mkangano wa zotsatira za Disembala 2007 udapha anthu oposa 1,000. Ku Zimbabwe mu 2008 a Morgan Tsvangirai adatsogola ulendo woyamba, koma adachoka pa mpikisano wachibwereza chifukwa otsatira awo ankamenyedwa ndi kuphedwa. Koma ife a ku Neno sitifunika kupita kutali. Msasa wa Luwani tikuudziwa. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idathamangitsira kuno anthu pafupifupi miliyoni imodzi isanathe mu 1992, ena mwa iwo tidamwa nawo madzi a mu Lisungwi. Msasawo udatsekedwa mu 2007, n'kutsegulidwanso mu 2016 anthu a ku Tete atayambanso kuthawa. Pa chisankho chawo cha Okutobala 2024 adalengeza kuti a Daniel Chapo a Frelimo apambana, otsatira a Venâncio Mondlane adati tabedwa, ndipo mabungwe owerenga maliro adati anthu oposa 300 adafa pa zipolowe. Malole athu adavutika kudutsa, ndipo mabanja zikwizikwi adaolokera ku Nsanje. Anthu akasiya kukhulupirira bokosi sakhala chete ayi, amatola miyala, wina n'kutola mfuti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ifenso tidafika pakamwa pa dzenje lomwelo mu 2019. Mukukumbuka tipeksi. Mapepala a zotsatira adafufutidwa ndi kulembedwanso, misewu ya m'matauni idayaka miyezi yambiri. Koma pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu adakhala tsiku lonse akuwerenga chigamulo, nafafaniza chisankho cha Pulezidenti, nanenanso kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka. Khoti la Suprimu lidavomereza mu Meyi, ndipo pa 23 Juni tidavotanso. Mu Africa muno Kenya yokha ndiyo idatitsogolera pofafaniza chisankho cha Pulezidenti, mu 2017, koma kumeneko wolamula adabwereranso. Kuno wotsutsa adalowa. Dziko lonse lidayamika majaji athu, ndipo n'koyenera. Koma ndikufunseni: majajiwo adaona chiyani? Adaona mapepala. Mapepalawo adachokera kuti? Ambiri adasungidwa ndi mamonitala, anyamata ndi atsikana a m'midzi omwe adachezera usiku m'makalasi a pulaimale ndi tochi, njala ili m'mimba, n'kukana kuchoka osalandira kope lawo. Popanda iwowo loya akadalowa m'khoti ndi manja okha.

Komabe mayi a pa Zalewa akadali ndi mfundo, ndipo apa ndipamene ndikufuna tikhalitsepo. Ngati timatha kuchotsa, bwanji umphawi suchoka? Mwa zina n'chifukwa choti tidaphunzira kuchotsa wa pamwamba yekha, kamodzi pa zaka zisanu, n'kubwerera kumunda. Mlimi amene amalemba waganyu n'kudzabwera kumunda patapita zaka zisanu asadabwe akapeza thengo. Malamulo athu a 1994 adali ndi gawo 64 lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanakwane. Aphungu adalichotsa mu 1995, ndipo si a chipani chimodzi okha adakondwa. Makhansala tidawasankha mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko lidakhala opanda makhansala kufikira 2014. Zaka zisanu ndi zinayi! Ndani adayenda ulendo wokadandaula? Khansala ndiye woyandikira mjigo wanu, mlatho wanu ndi denga la sukulu yanu, koma ambiri a ife dzina la Pulezidenti wa America timalidziwa, la khansala wathu ayi.

Chachiwiri ndi ichi, ndipo mundikhululukire ngati chikuwawa. Timagulitsa voti motchipa. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa ovota, koma nonse mukudziwa zimene zimachitika galimoto zikafika madzulo. Tiyeni tiwerengere ngati ageni. Munthu wakupatsani K2,000 ndi nsalu. Zaka zisanu ndi masiku 1,825. Ndiye kuti mwamubwereka mphamvu zanu pa mtengo wongopitirira K1 patsiku. Ndi katundu uti pamsika wa Lisungwi amene mungagulitse pa mtengo umenewo? Ndipo amene wagula sabweranso kudzafunsa mavuto anu, poti kwa iye malonda adatha tsiku lomwe lija. Sindikunena za chipani chinachake. Ngati wa chipani changa abwera ndi envelopu, muuzeni mawu omwewa, ndipo mumuuze kuti ndakutumani ndine.

Chachitatu ndi kuvotera chigawo ndi mtundu. Kuyambira 1994 mapu a zotsatira amaoneka ngati adachita kudulidwa ndi mpeni, kumpoto uku, pakati uku, kum'mwera uku. Wageni aliyense amadziwa kuti kasitomala amene sasamuka zivute zitani sapatsidwa pulaizi. Pulaizi amapatsidwa uja wogwira chikwama n'kumayang'ana benchi ya pafupi. Dera limene voti yake imadziwika chisankho chisanachitike, wopambana salivutikira poti ndi lake kale, wogonja salivutikiranso poti salipeza. Sindikuti muvotere ife. Ndikadakonda, inde, ndine wandale. Koma chachikulu n'choti aliyense wobwera kuno ndi chimkuzamawu azichoka asakudziwa bwinobwino kuti Neno aponya kuti, ndipo azidziwa kuti zimene wanena pa bwalo zalembedwa m'kope.

Kope limeneli ndikunena lenileni, la masamba 40 la ana asukulu. Mudzi uliwonse ukhale nalo. Phungu kapena khansala akalonjeza mjigo, lembani tsiku, malo ndi mawu ake, mboni ziwiri zisaine. Ndalama za chitukuko cha m'dera, zija amati CDF, si za m'thumba mwa phungu, ndi misonkho yanu yomwe mumadula pogula sopo ndi shuga. Muli ndi ufulu wofunsa ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya m'dera kuti zabwera zingati ndipo zagula chiyani. Mafumu athu, inu ndinu makolo a tonse, wa nsalu ya mtundu uliwonse. Bwalo lanu likhale lotseguka kwa chipani chilichonse, ndipo mwana wanu asamanidwe kuponi kapena chimanga cha chithandizo chifukwa cha komwe akuganiziridwa kuti adaponya. Khadi ija tidaikana mu 1993, isabwerenso itavala malaya ena.

Kwa anzanga otsutsa, mawu ndi ochepa. Tidagonja, tidavomera, ndipo sitigenda galimoto ya munthu kapena kuotcha mbendera ya wina. Wa chipani cholamula ndi mlamu wanu, mudzakumana pamaliro. Ntchito yathu zaka zimenezi ndi kufunsa mafunso, kuwerenga mabuku a khonsolo ndi kukonzeka. Mu ulamuliro wa Kamuzu ntchito imene ndikugwira ineyi ikadandipititsa ku Mikuyu. Lero ndimaima pamsika masana n'kudzudzula boma, madzulo n'kukagona kunyumba kwanga. Mayi aja ndidawauza zimenezi, kuti ichinso chili m'beseni mwawo ngakhale sichigulitsika. Adaseka, nati, "Tidzaona 2030." Sadalonjeze kanthu. Ndidagula masau a K500 n'kukwera minibasi.

Chisankho chachikulu chikubwera mu Seputembala 2030, koma zachibwereza za phungu kapena khansala zimagwa nthawi iliyonse, ndipo n'zimene anthu amazinyalanyaza kwambiri. Kalembera wa voti amafuna chiphaso cha unzika, ndiye mwana aliyense amene wakwanitsa zaka 16 apite akalembetse chiphasocho tsopano, asadikire mzere wa chaka cha chisankho. Chanu chikatayika, yambani kuchitsata lero. Tikufunanso anthu awiri pa sukulu iliyonse yoponyera voti, mwamuna ndi mkazi, odziwa kuwerenga ndi kuwonkhetsa, oti tiwaphunzitse ntchito ya umonitala: kuona kuti bokosi ndi lopanda kanthu lisanatsekedwe, kuwerenga nawo voti iliyonse, kusasaina pepala lofufutidwa, ndi kusachoka opanda kope. Malipiro palibe, ndisakunamizeni. Amene mwakonzeka kapereke dzina kwa wapampando wa nthambi ya kwanu, ndipo tsiku la maphunziro mudzabwere ndi bolopeni yanu.